Kalasi 12 ndinamaliza, kosi ndinapanga, ntchito kulibe: vuto lili pati kuno ku Tete?

Mnyamata wa ku Ulongwe:

Moni nonse abale anga. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osalembapo kanthu koma lero zandikwana. Ine ndili ndi zaka 24, kalasi 12 ndinamaliza mu 2021, kenako bambo anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zomwe tinali nazo kuti ndikapange kosi yowotcherera zitsulo ku Tete, miyezi sikisi ndikugona kwa azakhali ku Matundo. Setifiketi ndili nayo, bileti (chiphaso cha unzika) ndili nalo, NUIT (nambala ya msonkho) ilipo, za usilikali ndinalembetsa. Ma CV amene ndasiya m'mageti a makampani ku Moatize sindingawerengenso, alonda amangolandira n'kuponya m'katoni, foni sinalirepo ngakhale kamodzi. Pano ndinabwerera kumudzi, ndikuyendetsa njinga yamoto ya munthu wina, madzulo ndimapereka ya bwana, ina ya petulo, ndipo masiku ena ndimalowa m'nyumba ndi mametikali 100 okha titapikisana anyamata ambirimbiri pa siteji imodzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ngolo ya bambo. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo, ndiye yangokhala kuseri kwa nyumba matayala ataphwa, ndipo bambo sanandinenepo chilichonse koma ndikawaona akusenza chimanga pamutu mtima umandipweteka.

Ndiye funso langa ndi ili. Chigawo chathu chili ndi malasha, chili ndi magetsi a Cahora Bassa, fodya, mbatatesi, chimanga, mbuzi, nsomba, n'chifukwa chiyani achinyamata tili mbwee m'misika opanda chochita? Vuto ndi ifeyo, ndi sukulu, ndi boma kapena makampani? Ndipo ine nditani, ndipite ku Joni ngati anzanga, ndikalowe m'maenje a golide ku Chifunde, kapena ndizingodikira? Akuluakulu ndithandizeni maganizo chonde.

Malume a ku Moatize:

Mwana wanga pepa, ndipo usadzione ngati wolephera. Ine ndinagwirako ntchito kuno nthawi imene migodi inkamangidwa, ndinkakhoma matabwa othiramo konkire pa kakampani kena ka kontrakiti, ndiye ndikuuza zimene ndinaona ndi maso angawa.

Kuyambira cha m'ma 2008 mpaka 2012 Tete inali ngati mphika wowira. Anthu ankabwera kuchokera ku Maputo, ku Beira, ku Zimbabwe, ku Joni, ku Brazil, lendi inakwera zosaneneka, pa mlatho wa Samora Machel magalimoto ankachita mzere wautali kudikira kuwoloka. Aliyense wotha kugwira fosholo ankapeza pogwira ndipo tonse tinkayesa kuti zikhala choncho mpaka kalekale. Chimene sitinkadziwa n'choti mgodi umafuna manja ambiri pomanga pokha. Kampani ya ku Brazil ya Vale itayamba kutulutsa malasha mu 2011 ntchito yomanga inayamba kuchepa, makontrakiti athu n'kumatha limodzilimodzi. Mgodi wa kuno si wolowa pansi ndi piki ayi, ndi chidzenje chapamtunda, chimakina chimodzi chikatapa kamodzi ndi dothi loti mudzi wonse sungatape tsiku lathunthu, ndipo mkati mwake mwakhala munthu mmodzi yekha. Kenako mtengo wa malasha unagwa padziko lonse. Taganiza, Rio Tinto inagula kampani ya mgodi wa Benga mu 2011 ndi madola oposa mabiliyoni atatu, pofika 2014 n'kuugulitsa kwa amwenye a ICVL ndi madola 50 miliyoni okha. Vale nayonso inadzachoka mu 2022, mgodi ndi njanji n'kusiyira kampani ya Vulcan. Mwini akasintha kapena mtengo ukagwa, oyamba kutuluka pageti ndi a makontrakiti ang'onoang'ono. Ndiye ukamasiya CV pamenepo dziwa kuti m'katoni momwemo mulinso mapepala athu ife amene tinachotsedwa, okhala ndi zaka zambiri pantchito, ndipo nafenso tili pakhomo.

Za magetsi ndi chimodzimodzi. Cahora Bassa imatha kutulutsa mamegawati 2075, ndipo kuyambira 2007 ili m'manja mwa Mozambique, koma gawo lalikulu limakwera mawaya ku Songo n'kulunjika ku South Africa. Damu likamangidwa silifuna anthu ambiri oliyang'anira. Ntchito zili kumene magetsiwo akukazungulitsa makina, osati kumene akuchokera. Malasha nawonso amakwera sitima kudutsa ku Malawi mpaka ku Nacala, ena njanji ya Sena mpaka ku Beira, ndipo zitsulo zimakasungunulidwa kutsidya kwa nyanja, ndiye amene akulembedwa ntchito ndi malasha athu ndi ana a eni ake kumeneko. Ife timatsala ndi fumbi pa zovala zoyanika.

Ndipo pali ntchito zina zimene migodi inachita kupha. Mabanja oposa 1000 anasamutsidwa kupita ku Cateme ndi ku bairo la 25 de Setembro, ambiri mwa iwo ankaumba njerwa, kulima m'mbali mwa mtsinje wa Revuboe ndi kugulitsa pamsika wa Moatize, ku Cateme kuli kutali ndi msika ndipo nthaka yake ndi ina. N'chifukwa chake mu Januwale 2012 anthu anakatseka njanji. Ana a mabanja amenewo lero ndi amsinkhu wako.

Ine chimene ndimafuna n'choti ikamayandikira ntchito yaikulu ngati damu la Mphanda Nkuwa limene akhala akulinena zaka zonsezi, ayambe aphunzitsa ana a kuno ntchito isanayambe, osati makina atafika kale ndiye n'kumati kuno kulibe odziwa. Komanso makampani azigula chakudya cha antchito awo kwa alimi a Angonia ndi Tsangano. Iweyo kalembetse ku INEP, ofesi ya boma yolembetsa ofuna ntchito, dzina lako likhalepo, sizivuta, koma mtima wako usauike pageti la mgodi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Za maenje a golide usayerekeze, mvula ikagwa maenje aja amagumuka ndipo amene amalemera ndi wogula osati wokumba.

Mayi wa mbatatesi, Tsangano:

Mwanawe ndakumva, ine ndine mayi wa ana asanu, awiri ndi amsinkhu wakowo. Sukulu sindinapite nayo patali koma zaka zonsezi ndaphunzitsa ana ndi mbatatesi ndi kabichi, ndiye ndilankhula za kumunda chifukwa ndi zimene ndikudziwa.

Anthu a m'tauni amakonda kunena kuti achinyamata sakufuna kulima, ndi aulesi. Bodza limenelo. Mwana wa zaka 20 alima pati? Munda ndi wa makolo, dimba labwino la madzi ndi la agogo, ndipo kuno kumtunda anthu tachuluka minda yagawidwagawidwa mpaka yatsala timizere. Akapeza pobwereka, mbewu ya mbatatesi ndi yodula, feteleza wodula, mankhwala a chiwawu odula, ndipo mvula ikachuluka osapopera munda wonse umapsa m'sabata imodzi. Wakolola bwino, msewu ndi umenewu mukuudziwa, nthawi ya dzinja lole safika, ndiye venda amene walimba mtima kufika ndi amene amatchula mtengo, ndipo thumba lake ndi lija losokerera pamwamba lokhala ngati matumba awiri. Tonse timakolola mwezi umodzi, posungira palibe, ukakana mtengo wake mbatatesi ikuwolera m'nyumba. Ambiri timagulitsa kumalire, ku Lizulu ndi ku Biriwiri, koma kwacha itagwetsedwa mu Novembala 2023 ndalama ya ku Malawi ukaisintha kukhala metikali imangosungunuka m'manja. Mwana akaona amayi ake akuvutika choncho chaka ndi chaka, mukuti asankhe khasu?

Koma tamvera apa. Iwe uli ndi luso m'manja ndipo ukulifunira malo kutali pamene kuno tikulisowa. Ngolo zathu zikathyoka ekiselo timavutika kupeza wowotcherera, ena amachita kuwolotsa kupita nazo ku Malawi. Makasu a ng'ombe, mawilibala, zitseko zachitsulo, mafelemu a mawindo chifukwa aliyense akagulitsa fodya kapena soya akumanga nyumba ya malata, zigayo zikawonongeka, mapampu othirira m'madimba, njinga zamoto zomwe mukuyendetsazo. Zonsezi ndi zitsulo. Mnyamata wokhala ndi makina ake pamalo pofika magetsi, kapena ndi jenereta n'kumayenda m'misika ya masiku, sangagone ndi njala. Ife azimayi timachita chipereganyu, chimene a kum'mwera amati shitiki, aliyense amaponya sabata ndi sabata wina n'kutenga zonse, ndi mmene ndinagulira pampu yanga. Anyamata a pa siteji yanuyo bwanji osachita chimodzimodzi?

Chinanso musaiwale atsikana pa nkhani imeneyi. Mnyamata akasowa ntchito amapita pa njinga, mtsikana akasowa amakwatiwitsidwa. Lamulo loletsa maukwati a ana linabwera mu 2019 koma kumidzi kuno zikuchitikabe, ndipo mtsikana wobereka ali ndi zaka 15 palibe amamuwerengera n'komwe pa gulu la osowa ntchito.

Lova wa ku Chingodzi:

Amayi ndi amalume ndakumvani ndi ulemu wonse koma pali chimene simunatchule. Ntchito zilipo zochepa inde, koma zochepazo zimapita kwa ndani? Kuno popanda padrinyu, munthu wamkati wokulankhulira, sulowa. Ine ndili ndi digiri ya zowerengera ndalama, chaka chatha munthu wina wa pa kampani ina anandiuza maso ndi maso kuti ndipereke kaye ya mbuzi kuti dzina langa likwere pamwamba, ndinakongola kwa achemwali anga n'kupereka, mpaka lero foni yake sikugwira. Atsikana anzathu amapemphedwa zoposa ndalama. Pa chikalata cholengeza ntchito alemba kuti zaka zisanu za ekisipiriyensi, munthu wangotuluka kumene kusukulu azitenga kuti zaka zimenezo ngati palibe womupatsa ngakhale estajiyo yophunzirira ntchito ya miyezi itatu? Ndiye kuti upemphe ntchito imodzi uyambe walipira mafotokope, kudinditsa mapepala, kalata ya kukhoti yosonyeza kuti sunapalamule, shapa (minibasi) kupita ndi kubwera, munthu wosagwira ntchito. Tatopa kuuzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene zinachitika m'misewu chisankho cha Okutobala 2024 chitatha, anthu ambiri amene anali kutsogolo anali achinyamata opanda chotaya, ndipo ambiri anafa. Ine ndikufuna ntchito iliyonse izilengezedwa poyera, mayina a opambana azimatidwa pakhoma ndi mapointi awo, ndipo wogulitsa ntchito azimangidwa. M'bale wanga wa ku Ulongwe, usadzapereke ndalama kwa munthu wokulonjeza ntchito, ine ndinaphunzira mowawa.

Mphunzitsi wa ku Furancungo:

Ndikuthokoza amene mwayamba nkhaniyi. Ine ndaphunzitsa zaka 16 ndipo mbali ya vutoli ndimaiona tsiku lililonse m'kalasi, ndiye ndiyambira kwathu komweko.

Mwana wa kuno amakula akulankhula Chinyanja, wa kumunsi Chinyungwe, akafika kusukulu zonse zili m'Chipwitikizi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri alipo koma sanafike sukulu zonse. Kalasi imodzi ana osawerengeka, ena pansi pa mtengo, ndiye mwana amakwera makalasi akuloweza zimene sakuzimva, n'kufika kalasi 12 osatha kulemba kalata yopempha ntchito payekha, komanso osadziwa kukonza pampu, kuweta nkhuku zamalonda kapena kuwerengera ngati munda wapindula. Tamuchotsa kumunda koma sitinamufikitse ku ofesi. Sukulu zaluso ngati IFPELAC, ISPT ku Tete, ya ku Songo, ndi fakulidade ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe komweko zilipo, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa ana, ndipo mwana wa ku Macanga kapena ku Chifunde kuti akaphunzire kumeneko ayambe wapeza pogona ndi chakudya. Unyinjiwo si nkhani yamasewera, kalembera wa 2017 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu a dziko lino anali osakwana zaka 15. Ana amenewo ndi amene akufika pa msinkhu wofuna ntchito panopa, chaka chilichonse gulu latsopano.

Kale boma ndi limene linkameza ambiri, uphunzitsi, unamwino, upolisi. Ngongole zobisika zija za madola pafupifupi mabiliyoni awiri zitaululika mu 2016, mayiko othandiza anasiya kuika ndalama mu bajeti, metikali inagwa, boma n'kuchepetsa kulemba anthu. Lero ndili ndi ana anga amene anamaliza kosi ya uphunzitsi ali pakhomo, pamene ine ndikuphunzitsa kalasi yoyenera aphunzitsi awiri.

Tsono amayi a ku Tsangano, malangizo anu kwa mnyamatayu ndi abwino ndipo ayenera kuwatsatira, koma ndikusiyana nanu pang'ono. Iye zimuthandiza chifukwa owotcherera kumudzi ndi ochepa. Koma tikauza achinyamata onse kuti dzilembeni ntchito nokha, tiona zimene zachitika ndi njinga zamoto, onse malonda amodzi, ogula omwewo osauka omwewo. Chofunika ndi chakuti zinthu zathu zizigwiridwa ntchito zisanachoke m'chigawo muno. Taonani fodya, chifukwa choti fakitale yake ili ku Tete komweko, nyengo yake ikafika anthu ambiri amalembedwa, ngakhale ndi ntchito ya miyezi yochepa. Nanga soya bwanji amachoka wosaphwanya, ife n'kumagula mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku zochokera kutali? Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka dziko lonse koma zambiri zimakwera lole zamoyo, wopha, wosenda, wokonza chikopa ali kwina. Malambe, masawu, kapenta wa ku Cahora Bassa, tirigu wa ku Tsangano, zonse zimachoka momwe zabadwira. Kuti tifakitale tating'ono tiime pakufunika zitatu zimene mnyamata payekha sangazipange, msewu wodutsika dzinja, magetsi osazimazima, ndi ngongole ya chiwongoladzanja choti munthu n'kubweza, chifukwa ya kubanki panopa ndi yoopsa ndipo amafuna chikole chimene wachinyamata alibe.

Za ngongole ndichenjezeko. Tonse tikukumbuka ma sete milyoni amene anayamba mu 2006 nthawi ya a Guebuza, boma lililonse kulandira mametikali mamiliyoni asanu ndi awiri oti azibwereketsa anthu. Ganizo linali labwino, koma m'malo ambiri ndalama zinapita kwa odziwika ndi oyandikana ndi akuluakulu, obweza anali ochepa kwambiri, ndipo thumba silinazungulire. Pano kwabwera FDEL, thumba latsopano la ngongole zachitukuko la boma la a Chapo. Achinyamata pitani mukafunse ku ofesi ya boma lanu, lembani mapulani anu, ndipo mufunse kuti mndandanda wa olandira uikidwe poyera monga wanenera mnzathu wa ku Chingodzi. Mukapanda kutero zidzayenda njira yakale ija.

Mayi wa mbatatesi, Tsangano:

Aphunzitsi mwanena zoona, sindikutsutsa, msewu wokhawo atatikonzera ine ndikhoza kulemba anyamata atatu chaka chonse osati aganyu a nthawi yokumba okha. Koma fakitale imeneyo tiidikira mpaka liti, mwanayu ali ndi zaka 24 lero. Mwanawe, ngolo yanga inathyoka chitsulo chokokera mwezi wathawu ndipo ya alamu anga nayo ili pansi. Ukapeza makina ngakhale obwereka, ntchito ziwiri ndi zimenezo, ndipo ndikulipira monga ndikanalipirira wina aliyense.

Mnyamata wa ku Ulongwe:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri. Amalume mwanditsegula maso pa za mgodi, ine ndinkayesa kuti mwina CV yanga ndi imene ili ndi vuto. Achimwene a ku Chingodzi pepani ndi zimene zinakuchitikirani, inenso wina anandiuzapo za ya mbuzi yomweyo koma ndinalibe, mwina n'chimene chinandipulumutsa.

Dzulo madzulo ndinakamba ndi anzanga anayi a pa siteji za chipereganyu, atatu avomera, tiziponya Loweruka lililonse ndipo agwirizana kuti woyamba kutenga ndikhale ine chifukwa nawonso amavutika kowotcherera njinga zikathyoka. Sizikwana kugula makina mwezi uno kapena wamawa, ndikudziwa. Koma pali bambo ena pamsika amene ali ndi makina akale ongokhala chifukwa maso anayamba kuwavuta, mawa ndipita ndi bambo anga kukawapempha ngati angandibwereke tizigawana zimene ndapeza. Aphunzitsi, pulani ya FDEL ija sindidziwa kalembedwe kake m'Chipwitikizi chomveka, ndikalemba ndingakutumizireni mundikonzere?

Amayi a ku Tsangano, kwanuko magetsi anafika kapena ndiyambe ndafufuza jenereta? Ndipo chitsulocho chathyoka pakati kapena polumikizira goli, kuti ndidziwe mawaya owotcherera oti nditenge.